Mitsutso ya za Mulungu, ufulu wosankha ndi zoipa ku Mulanje: pomwe ntchito yafika

Ntchitoyi ili pawiri: kabuku ka masamba 32 kothandiza okonzekera, ndi mitsutso inayi ya achinyamata ochokera m'mipingo, m'mizikiti ndi m'masekondale a pa boma, ku Chitakale, ku Likhubula ndi ku Chisitu. Otsutsana alipo 24, m'magulu asanu ndi limodzi a anthu anayianayi. M'komiti muli aphunzitsi awiri a Bible Knowledge, abusa, akatekisiti, a shehe ndi mayi wina amene anaphunzira filosofe ku yunivesite.

Meyi, sabata yoyamba

Mtsutso woyeserera unali ndi mutu umodzi: "Kodi Mulungu alipo?" Mutuwu tautaya. Pasanathe mphindi khumi wina anali pa namondwe wa Freddy, wina pa Yudasi, wina pa za amene analemba Baibulo, ndipo aliyense akapanikizidwa pa funso lake ankalumphira pa la mnzake. Oweruza analibe choti alembe.

Taugawa panayi. Woyamba: kodi zoipa ndi Mulungu wamphamvuzonse, wabwino kotheratu, zingakhalepo pamodzi? Wachiwiri: ngakhale zitatheka, kodi kuchuluka kwa mavuto sikuchititsa kuti kukhulupirira Mulungu wotere kukhale kokayikitsa? Wachitatu ndi wa ufulu wosankha, wachinayi ndi wa chiyambi cha Chikhristu. Amene walowetsa mfundo ya mutu wina amachotseredwa malikisi awiri.

Nthawi ili motere: woyamba wa mbali iliyonse mphindi 7, wachiwiri 5, wachitatu amafunsa mafunso a maso ndi maso kwa mphindi 3, omvera onse amapatsidwa mphindi 10, ndipo wachinayi amatseka ndi mphindi 3. Zonse pamodzi ndi mphindi 46. Loweruka limodzi mukulowa mitsutso itatu, kuyambira 1:30 masana, kuti a ku Likhubula apeze kabaza kusanade. Belu ndi khasu lakutha ndi msomali wa mainchesi sikisi. Alamu ya pa foni siimveka mvula ikamagwa pa malata.

Mbali zimasankhidwa ndi maere, zitsekerero za mabotolo m'chipewa. Makolo ena anadandaula kuti mwana wawo sangaimire pagulu n'kumatsutsa Mulungu. Tawalembera kalata yofotokoza kuti gulu lililonse lidzakhala kumbali yofunsa kawiri ndi kumbali yoyankha kawiri, komanso kuti mafunsowa ali kale m'Baibulo momwemo: Habakuku 1:13, Salimo 73, ndi buku lonse la Yobu.

Meyi, sabata yachitatu: mutu woyamba walembedwa

Funso lakale limanenedwa kuti ndi la Epicurus, wafilosofe wakale wa Chigiriki: ngati Mulungu akufuna kuchotsa zoipa koma sangathe, ndi wofooka, ngati angathe koma sakufuna, si wabwino, ngati akufuna ndipo angathe, nanga zoipa zikuchokera kuti? M'kabuku talemba kuti mawuwa sapezeka m'zolemba za Epicurus zomwe zinatsala. Amene anawasunga ndi Mkhristu, Lactantius, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 300. David Hume anawabwereza m'buku lomwe linatuluka mu 1779 iye atamwalira, ndipo J. L. Mackie anawanola mu 1955.

Chomwe achinyamata ankaphonya n'chakuti ziganizo zitatu izi, zakuti Mulungu ndi wamphamvuzonse, ndi wabwino kotheratu, ndipo zoipa zilipo, pazokha sizitsutsana. Pamafunika chachinayi chozimanga pamodzi: kuti wabwino amachotsa choipa chilichonse chimene angathe kuchotsa. Mtsutso wonse wagona pa chiganizo chimenechi, ndiye tachisindikiza ndi zilembo zikuluzikulu. Mbali yoyankha siyenera kudziwa chifukwa chenicheni chimene Mulungu amalolera zoipa. Ikungofunika kusonyeza kuti n'kotheka kuti chifukwa chilipo. Ndiyo njira ya Alvin Plantinga ya mu 1974: ngati munthu ali ndi ufulu weniweni, ngakhale Mulungu sangamukakamize kusankha chabwino n'kumatinso wasankha yekha.

Yankho limeneli ndi lamphamvu pa mutu uno, ndipo akatswiri ambiri, ngakhale osakhulupirira, amavomereza kuti linafooketsa mtsutso wa Mackie. Koma poyeserera, mtsikana wina wa Fomu 3 anafunsa mnyamata wa mbali inayo kuti, "Achimwene, kumwamba anthu adzakhala ndi ufulu?" Iye anati eya. "Adzachimwa?" Anati ayi. "Ndiye n'zotheka kukhala ndi ufulu osachimwa. Bwanji sanayambire pomwepo?" Gulu lonse linangoti kukamwa yasa. Funsoli ndi la Mackie ndithu, lavala zovala za Sande sukulu. Tawonjezera ndime ya yankho la Augustine, amene anasiyanitsa Adamu, yemwe ankatha kusachimwa, ndi oyera a kumwamba, omwe sadzatha kuchimwa, komanso maganizo akuti khalidwe lokhazikikalo limachokera pa zosankha za pansi pano. Talembanso poyera pomwe yankholi limatsimphina: khanda lomwalira lisanasankhe kanthu.

Juni: mutu wachiwiri, womwe watidyera nthawi

Apa ndi pomwe yankho la ufulu wosankha limatha mphamvu, ndipo magulu onse asanu ndi limodzi ankalinyamulabe kubwera nalo. Ufulu wa munthu umafotokoza za wakuba, wachiwembu, woyendetsa galimoto ataledzera. Sufotokoza za mvula ya mu Marichi 2023, pamene Freddy anagwetsa matope ndi miyala m'Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Thyolo ndi Blantyre, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa osapezekanso. Sufotokozanso za madzi otsika m'phiri la Michesi omwe anakokolola anthu ku Phalombe mu 1991, omwe akuluakulu amawatchulabe kuti Napolo.

Mbali yoyankha imathamangira kunena kuti anthu anadula mitengo, anaotcha makala, anamanga m'mphepete mwa mitsinje. Mfundoyi ili ndi choonadi ndipo si yatsopano. Chivomezi chitagwetsa mzinda wa Lisbon pa 1 Novembala 1755, tsiku la oyera mtima onse, Voltaire anafunsa kuti ana ofera m'manja mwa amayi awo analakwanji, ndipo Rousseau anamuyankha kuti si chilengedwe chimene chinaunjika nyumba zosanjikizana pamalo amodzi. Koma mfundoyi imangochepetsa mlandu, siiuthetsa. Wodula mtengo ndi wina, wokwiriridwa ndi wina. Ngakhale wina atakankhira mlanduwo ku mayiko olemera omwe utsi wawo ukutenthetsa nyanja, funso limangokula: n'chifukwa chiyani dziko linapangidwa mwakuti chosankha cha munthu wa kutsidya la nyanja chizigwera pa mwana wa m'tsinde mwa phiri? Oweruza auzidwa kuti gulu likatchula makala lipatsidwe theka la malikisi, pokhapokha litayankhanso funso lachiwirili.

Kwa mbali yofunsa tasankha chitsanzo cha William Rowe cha mu 1979: mphezi yayatsa nkhalango, kagwape kapsa, kavutika masiku angapo n'kufa popanda munthu wokaona. Palibe amene anasankha, palibe amene anaphunzirapo kanthu. Rowe sanene kuti zimenezi zikutsimikizira kuti kulibe Mulungu. Akuti zikuoneka ngati zowawa zopanda phindu, zilipo zambirimbiri, ndipo Mulungu wabwino sakanazilola. Kagwape katithandizanso m'njira ina. Poyeserera, mnyamata wina anayamba kufotokoza mwatsatanetsatane momwe ankafukulira mitembo m'matope, mayi wina wokhala kumbuyo anadzuka, n'kufunda chitenje kumutu, n'kutuluka. Kuyambira pamenepo lamulo ndi ili: Freddy atchulidwe, koma osatchula mudzi, banja kapena maonekedwe a mitembo, ndipo wapampando azichenjeza omvera za mutu wa tsikulo asanatsegule.

Mayankho omwe talowetsa m'kabuku ndi atatu, lililonse ndi mtengo wake. Loyamba ndi lakuti dziko loti munthu n'kukhalamo liyenera kukhala ndi malamulo osasinthasintha: madzi omwe amakulitsa tiyi ndi omwewo amakokolola mlatho. Ofunsa amayankha kuti wamphamvuzonse akanatha kuika malamulo ofatsirako, kapena kulowererapo pa zoopsa zenizeni zokha. Lachiwiri ndi la John Hick, mu 1966, potsatira Irenaeus: dziko ndi malo osulira khalidwe, ndipo popanda ngozi sipangakhale kulimba mtima kapena chifundo. Limamveka bwino kwa opulumuka, koma kwa khanda lokokoloka silinena kanthu pokhapokha mutawonjezera moyo wa mtsogolo, ndipo gulu liyenera kunena poyera kuti lawonjezera. Lachitatu ndi la pa Yobu 38: unali kuti ndikamaika maziko a dziko? Kusaona chifukwa si umboni woti chifukwa palibe. Ili ndi lolimba kuposa mmene achinyamata amaganizira, koma limaluma mwini wake: ngati njira za Mulungu sitingazidziwe mpang'ono pomwe, ndiye kuti zabwino zomwe timaziona sitingazigwiritsenso ntchito ngati umboni wa ubwino wake.

Yankho lakuti "chinali chilango" sitinaliletse, koma amene walinena ayenera kufotokoza Luka 13:4-5, pamene Yesu akukana kuti anthu 18 omwe nsanja ya ku Siloamu inawagwera anali ochimwa koposa anzawo, komanso Yohane 9:3 ndi Yobu 42:7, pamene Mulungu akukalipira anzake a Yobu omwe anaphunzitsa zomwezo. Mpaka pano palibe gulu lomwe ladutsa pamenepa.

Za ufiti zinabuka zokha. Tagwirizana kuti munthu angathe kuunena ngati mmene anthu ena amafotokozera tsoka, koma osaloza munthu, ngakhale mophiphiritsa. Lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo holo ndi yobwereka. Pa mtsutso wokha, ufiti suthandiza mbali iliyonse: mfiti ikakhalapo, funso loti Mulungu akuilekereranji lili pomwepo.

Julaye: ufulu wosankha

Chiperoni chachepetsa omvera, koma mutuwu wayenda bwino kuposa yapitayi.

Cholakwika chofala n'kusokoneza kudziwiratu ndi kuchititsa. Kudziwa kuti munthu adzachita chinthu si kumuchititsa, ndipo Augustine ananena kale zimenezi. Koma mbali yofunsa taipatsa mfundo yolimba: ngati dzulo Mulungu ankadziwa kale kuti mawa udzanama, ndipo dzulo silisinthika, ndipo Mulungu salakwitsa, mpata woti usaname uli pati? Mayankho ake ndi a Boethius, cha m'ma 524, wakuti Mulungu alibe dzulo kapena mawa, amaona zonse nthawi imodzi. A Luis de Molina, mu 1588, wakuti Mulungu amadziwa chomwe munthu aliyense akanasankha mwaufulu pa malo alionse. Ndi a ena a masiku ano amene amati za mtsogolo zodalira ufulu sizinakhazikike, choncho palibe choti chidziwike. Lomalizali abusa sakugwirizana nalo. Lalowabe, ndi chiganizo chonena kuti mipingo yambiri siilivomereza.

Ntchito ya m'manja yomwe yathandiza: gulu lililonse limatenga Eksodo 7 mpaka 14 ndi mapensulo awiri. Wofiira amalemba pomwe Farao aumitsa yekha mtima wake, monga 8:15, 8:32 ndi 9:34; wobiriwira pomwe Yehova aumitsa, monga 9:12, 10:20 ndi 14:8. Pakatha mphindi 20 palibenso amene amanena kuti nkhaniyi ndi ya vesi limodzi. Kenako amawerenga Aroma 9 pambali pa Deuteronomo 30:19.

Mbiri ya mkanganowu yatenga tsamba limodzi lokha: Pelagius ndi Augustine, msonkhano wa ku Carthage mu 418, Erasmus mu 1524 ndi yankho la Luther mu 1525, otsatira Arminius mu 1610 ndi Sinodi ya ku Dort mu 1618 mpaka 1619. Chivomerezo cha ku Westminster cha mu 1646, chodziwika m'mipingo ya Chipresbateriya, chimati Mulungu anakonzeratu zonse zochitika, komabe iye si mwini tchimo ndipo chifuniro cha munthu sichikakamizidwa. A shehe alemba ndime ya qadar (chiphunzitso cha Chisilamu cha kukonzeratu kwa Mulungu), ya a Mu'tazila amene ankati munthu ndiye mwini zochita zake, ndi ya al-Ash'ari amene ankati Mulungu ndiye amalenga chochitacho, munthu n'kuchitenga kukhala chake. Achinyamata anadabwa kuona kuti mzere wogawa anthu pa nkhaniyi sudutsa pakati pa tchalitchi ndi mzikiti, umadutsa m'kati mwa chilichonse.

Msampha waukulu uli apa, ndipo tauika m'bokosi pa tsamba 21. Ufulu uli ndi matanthauzo awiri pa mtsutsowu. Ena amati uli mfulu ngati wachita zomwe umafuna popanda wokukakamiza, ngakhale zitakhala kuti zinakonzedweratu. Ena amati uli mfulu pokhapokha ukanatha kuchita zosiyana. Gulu likatenga tanthauzo loyamba mu Julaye kuti lipulumutse kukonzeratu kwa Mulungu, lataya yankho lake la mu Meyi, chifukwa Mulungu akanatha kukonzeratu kuti aliyense azifuna zabwino zokhazokha, ufulu wa mtundu umenewo uli chikhalire. Yankho la Plantinga limafuna tanthauzo lachiwiri. Choncho gulu lililonse limalemba pa khadi tanthauzo lomwe latenga, oweruza amasunga khadilo, ndipo mbali inayo ili ndi ufulu wolitulutsa pa mtsutso wotsatira.

Kafukufuku wa Benjamin Libet wa mu 1983 amatchulidwa kawirikawiri ndi omwe amaonera mavidiyo pa YouTube. Anapeza kuti ubongo umayamba kukonzekera pafupifupi theka la sekondi dzanja lisanagwedezeke, pomwe munthu amazindikira kuti wafuna kuligwedeza patatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Talemba zimenezi molondola, ndi chenjezo lakuti kugwedeza dzanja popanda chifukwa n'kosiyana ndi kusankha kubweza ngongole.

Ogasiti: chiyambi cha Chikhristu

Chida chachikulu apa ndi chingwe cha mamita anayi chomangidwa pakhoma, sentimita imodzi kuimira chaka chimodzi, ndi mapegi a zovala okolekera makadi. Pilato akulamulira Yudeya pa 26 mpaka 36. Mwala wolembedwa dzina lake unapezeka ku Caesarea mu 1961. Galiyo wa pa Machitidwe 18:12 ali pa 51 mpaka 52, chaka chodziwika chifukwa cha mwala wa ku Delphi, ndipo zaka za Paulo zimawerengedwa kuchokera pamenepo. Kalata yoyamba kwa Akorinto ili cha pa 54, ndipo mu 15:3-8 Paulo akupereka mawu omwe akuti nayenso anachita kulandira. Moto wa ku Roma pa 64, kugwa kwa kachisi pa 70, kulembedwa kwa Uthenga wa Marko pafupi pomwepo malinga ndi akatswiri ambiri. Olemba omwe sanali Akhristu: Myuda Josephus pa 93 kapena 94, Aroma Pliny cha pa 112 ndi Tacitus cha pa 116. Msonkhano wa mabishopu wa ku Nicaea pa 325, kalata ya Athanasius yotchula mabuku 27 a Chipangano Chatsopano pa 367.

Chingwechi chathetsa chokha mphekesera ya pa WhatsApp yoti Constantine, mfumu ya Roma yomwe inaitanitsa msonkhano wa ku Nicaea, ndiye anapanga Yesu kukhala Mulungu. Pliny akulembera mfumu Trajan kuti Akhristu amaimbira Khristu nyimbo ngati kwa mulungu, ndipo kuchokera pa khadi lakelo kukafika pa Nicaea pali mamita awiri ndi kanthu. Ku Nicaea ankakangana za chiphunzitso cha Arius, ngati Mwana ndi wosayamba monga Atate kapena ndi wolengedwa, ndipo sanasankheko mabuku a m'Baibulo.

Mbali yoyankha nayonso imakokomeza, ndipo tayidula mofanana. "Pali mipukutu yoposa 5,000" n'zoona pa zolembedwa pamanja za Chigiriki, koma zochuluka ndi za zaka za m'ma 800 kupita mtsogolo. Kachidutswa kotchuka ka P52 kosungidwa ku Manchester n'kochepa kuposa chikhatho ndipo kali ndi mavesi owerengeka a Yohane 18. Marko 16:9-20 mulibe mu Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, Mabaibulo olembedwa pamanja a zaka za m'ma 300. Ndime ya Josephus yonena za Yesu m'buku 18 la mbiri yake ya Ayuda ili ndi mawu omwe akatswiri ambiri amati anawonjezera ndi Mkhristu. Yosakayikitsa kwenikweni ndi ya m'buku 20, yonena za kuphedwa kwa Yakobo m'bale wake wa Yesu. "Atumwi onse anafera chikhulupiriro" ndi mbiri yolembedwa pambuyo. Mwa khumi ndi awiri aja, Chipangano Chatsopano chimafotokoza za kuphedwa kwa Yakobo mwana wa Zebedayo yekha, pa Machitidwe 12:2.

Makadi ali ndi mitundu itatu. Oyera ndi zomwe olemba mbiri pafupifupi onse amavomereza: Yesu anakhalako, anapachikidwa mu ulamuliro wa Pilato, otsatira ake posakhalitsa analalikira kuti wauka. Achikasu ndi zokanganirana, monga manda opanda kanthu ndi amene analemba Mauthenga. Abuluu ndi za chikhulupiriro, zomwe njira za wolemba mbiri sizingagamule. Za Surah 4:157, yomwe imati Isa sanaphedwe kapena kupachikidwa, tinakambirana nthawi yaitali. A shehe avomera kuti ikhale pa khadi labuluu, popeza Msilamu amaigwira ngati chivumbulutso osati ngati umboni wa mboni, malinga kuuka kwa akufa nakonso kukhale pa labuluu. Zatero.

Funso la "chipembedzo cha azungu" lili ndi tsamba lake. Tertullian anali wa ku Carthage, Augustine anabadwira ku Thagaste, komwe lero ndi Algeria, ndipo mfumu Ezana ya ku Aksum inatembenuka m'zaka za m'ma 300, zaka zoposa 1,500 mishoni ya Blantyre isanakhazikitsidwe mu 1876. Koma tawauza oyankha kuti asaime pamenepo ngati apambana. Wofunsayo kawirikawiri sakufunsa za Ethiopia. Akufunsa za thangata m'maesiteti a kuno ndi ku Thyolo, ndi za John Chilembwe, m'busa amene anawomberedwa kufupi ndi kuno mu Febuluwale 1915. Limenelo ndi funso la mutu woyamba, la zoipa zochitidwa ndi anthu, ndipo pano talola kuti mitu iwiri ikumane.

Zotsala

Pepala la oweruza lili ndi malikisi 30: khumi a kubwereza mfundo ya mbali inayo mpaka eni ake avomere kuti ndi yomweyo, khumi a umboni, asanu a kuyankha funso lomwe wafunsidwa, asanu a nthawi ndi ulemu. Poyeserera, oweruza awiri anasiyana ndi malikisi 12 pa wolankhula mmodzi, wina atatengeka ndi m'manja mwa omvera. Tsopano oweruza ndi atatu, salankhulana mpaka mapepala atasonkhanitsidwa, ndipo timatenga malikisi apakati, osati kuphatikiza.

Mavesi onse m'kabuku ayenera kuwerengedwanso m'Buku Lopatulika ndi m'Buku Loyera, chifukwa otsutsana amabwera ndi onse awiri. Makope 60 adzasindikizidwa pa mapepala a A4 opindidwa pakati, asanu ndi atatu pa kabuku kamodzi; masamba ayalidwe 32 ndi 1, 2 ndi 31, mpaka pakati, apo ayi kabuku kamatuluka kosokonekera. Ndime ya za gehena sinalembedwe. Abusa akuti ilowe pa mutu wachiwiri chifukwa omvera adzaifunsa ndithu, aphunzitsi akuti idzameza mitu inayo, ndipo achinyamata a Seventh Day ali ndi chiphunzitso chosiyana pa nkhaniyi chomwe chifunika malo akeake. Masamba atsala awiri, 29 ndi 30, ndipo komiti idzagamula ikakumananso, kabuku kasanapite kosindikiza.